Mawu a pa Foni Amene Sanali Anga

Moni kwa inu nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a mumpingo mwathu ndi ena amene sitinaonanepo maso ndi maso. Mtendere wa Ambuye ukhale m'nyumba zanu. Dzina langa ndine Eneless, ndimakhala ku George kuno ku Lusaka, ndipo nkhani imene ndabwera nayo lero ndakhala ndikuisunga kudikira kuti mkwiyo uyambe watsika. Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi dzina loipa chifukwa cha mawu amene sanatuluke pakamwa panga. Amene munanamiziridwapo mukudziwa mmene zimawawira.

Ndimagwira ntchito ku Matero, pamalo ogulitsa anapiye, chakudya cha nkhuku ndi mankhwala a ziweto. Malowa ali ndi dzina lake lolembedwa pakhoma, koma palibe amene amalitchula. Aliyense amangoti kwa a Tembo, potengera bambo amene anawayambitsa. Ntchito yanga ndi ya pa swichibodi, ndiko kuti foni ya patebulo la kutsogolo imene imalandira aliyense woimba. Mayi wa ku Chawama akafuna kusungitsa anapiye a sabata yamawa amadzera kwa ine. Wa ku Kanyama nkhuku zake zikayamba kuwodzera ndimamulumikiza kwa wa mankhwala, ndipo wofunsa ngati matumba afika ndimamupereka ku sitolo ya kumbuyo. Mafoni onsewa amakumana m'kabokosi kotuwa kamene kali pakhoma m'chipinda chosungira matsache. Kwa zaka zonsezi ndinkangokapukuta fumbi, osadziwa kuti m'kati mwake mumachitika chiyani.

Ndine munthu wapakamwa, zimenezo sindibisa, ndipo a kwaya yathu akhoza kuchitira umboni. Koma ndikakhala pa foni ya kuntchito ndimasanduka munthu wina. Kasitomala akhoza kundilalatira chifukwa anapiye ake afa ndi kuzizira kumene iye mwini sanawateteze, ine n'kumamuyankha mwaulemu mpaka mtima wake utatsika. Bambo anga, amene makolo awo anachoka ku Ntcheu kudzafuna ntchito kuno, sanandisiyire nyumba kapena munda. Anandisiyira dzina loti ana a Phiri sanama ndipo saba. Ana anga akula ndi dzina limeneli komanso ndi malipiro a patebulo lija, pakuti bambo awo anatisiya kalekale.

Mavuto anayamba a Tembo atamwalira. Anali bambo wosakhazikika pampando, tsiku lonse ali pabwalo foni ya m'manja ili kukhutu, kenaka n'kutulukira patebulo langa kuti ndilembe oda ya mayi wakutiwakuti. Ine ndinkangoti makasitomala akale amakonda kulankhula ndi mwini wake, ndipo sindinafunsepo zambiri. Matenda anawatenga mofulumira. Titaika maliro, achibale anakhala pansi monga mwa mwambo wathu n'kugawana zovala ndi tinthu ta malemu, uyu jekete, uyu nsapato, uyu wailesi. Ife antchito sitinali nawo pamenepo, ndipo tinkaona ngati sizikutikhudza. Bizinesi inatsala m'manja mwa mwana wawo woyamba, a Masauso, amene ndinawaona akukula, akulowa pakhomo lathu ndi yunifolomu ya sukulu. Si munthu woipa ayi. Koma anali ndi chisoni chachikulu, ndipo achibale ena anali atayamba kale kusirira bizinesiyo, choncho ankaona mdani paliponse.

Chinali chaka chija magetsi anavuta kwambiri chifukwa cha chilala. Nthawi zambiri tinkafika m'mawa atazima, mlonda n'kuliza jenereta, mafiriji a katemera n'kudzuka, kompyuta n'kuyaka. Zonse zinkadzuka kupatula foni yanga. Inkangoti zii kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine nditapinda manja ngati mlendo pantchito panga pomwe. Ndikaika kukhutu, mzere unkamveka uli bwino. Ndikaimbira ku sitolo ya kumbuyo, ankayankha. Inkayamba kulira tikuyandikira kuweruka, pamene amayi oweta nkhuku amaimba m'mawa asanapite kumsika. Masiku ena, makamaka tikapeza magetsi alipo, inkagwira bwinobwino, ndipo zimenezi ndi zimene zinandizunguza mutu.

Anapiye a tsiku limodzi sadikira munthu. Amabwera m'makatoni kuchokera koswetsera, ndipo ngati palibe amene anawasungitsa umangowayang'ana akulira mpaka mawu kuwathera. Ndinaona anzanga a ku sitolo akutulutsa makatoni a anapiye akufa sabata iyi, sabata inayo chimodzimodzi. Matumba a chakudya anayamba kuunjikana mpaka kudenga. A Masauso ankadutsa patebulo langa n'kufunsa kuti lero aimba angati, ine n'kumayankha kuti palibe. Mawu akuti palibe ukawanena tsiku ndi tsiku amayamba kumveka ngati bodza ngakhale kwa iwe mwini.

Tsiku lina ndinatenga foni yanga ya m'manja n'kuimba nambala ya kuntchito nditakhala patebulo pomwepo. Kukhutu ndinamva ikuitana, koma ya patsogolo panga sinalire, ndipo palibe amene anayankha. Ndinathamangira kwa a Masauso kukawauza. Anali ndi alendo, ndiye anabwera chakumadzulo n'kuimba pamaso pa antchito onse. Foni ija, imene inali itandizunza tsiku lonse, inalira mokweza ngati yagulidwa lero. Anangondiyang'ana n'kubwerera mu ofesi. Kunena zoona, kukanakhala bwino akanandikalipira.

Chimene chinandimaliza chinabwera ndi mayi Mwanza a ku Mtendere, kasitomala wathu wakale, mayi wabwino amene sanaganizepo zondipweteka. Ankapita kwina, ndiye anapatuka kuti aone chimene chatsala pamalo pathu. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, ataona mashelefu odzaza. A Masauso anali chilili pafupi ndi tebulo langa.

"Ah, kanshi mukali kusebenza?" anatero mayiwo, kudabwa kuti tikugwirabe ntchito. "Ine ninatuma foni kufuna tunkuku. Nafunsa ati ni kwa ba Tembo, muzimai anayankha ati bamene mufuna banamwalira, osatumako futi. Na banzanga ku Mtendere banabauza chimozimozi. Tonse tinayenda kwinangu."

"Muzimai?" anafunsa a Masauso.

"Ee, muzimai."

Pamalo ponse paja mkazi woyankha foni ndinali ine ndekha. Ndinamva maso a aliyense atandigwera, ngakhale a dalaivala amene ndimagawana naye chimanga chowotcha masana. Choipa china n'chakuti mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, anali atangotsegula kashopu ka anapiye ku George. Ndinalibe nako gawo, sindinkalowako n'komwe, koma munthu wofuna chifukwa anali atachipeza. A Masauso anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Ba Eneless, ndimwe mwenze kunipasa maswiti nili mwana," anatero. "Lelo mufuna kupaya kampani ya batate kuti ba mulamu banu balemele? Nkalani kunyumba. Banja izankala pansi, tizakuuzani."

Ine wapakamwa uja ndinangoti Mulungu akudziwa, n'kutenga chikwama changa. Kumbuyo kwanga ndinamva akuuza msuweni wawo kuti akhale pampando wanga.

Abale anga, mu komboni nkhani siyenda, imathamanga. Ndisanafike ku George, inali itafika kale. Pampopi amayi ankasiya kulankhula ndikayandikira ndi ndowa, ndikangodutsa n'kuyambiranso. Wina amene sindimutchula anandipatsa moni wakuti, "Ba receptionist, lelo mwapaya bangati?" anzake n'kumaseka. Mng'ono wanga anabwera akulira kuti mwamuna wake nayenso akutchedwa wakuba, ndipo kulira kwake kunali ngati ine ndi amene ndawabweretsera manyazi. Kukwaya ndime imene ndinkatsogolera anaipereka kwa wina, ati kuti ndipumeko. Zonsezi ndinapirira. Koma mwana wanga wamkazi, amene ali m'kalasi lomaliza ku sekondale, anandiyang'ana tikutsuka mbale n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amai, ni zoona?" Pamenepo ndinakhala pansi, mbale ili m'manja, ndipo ndinalira monga sindinalire chimwalirire bambo anga.

Ntchito ndinkaidandaula, inde, pakuti ana amadya pamenepo. Koma chimene chinkandidya kwambiri chinali dzina. Ndani angalembe ntchito ya pa foni mayi amene anathamangitsa makasitomala ndi uthenga wa maliro? Ndinayamba kudzikayikira ine mwini. Ndinkadzifunsa kuti kodi tsiku lina ndili m'maganizo ndinayankhadi choncho osazindikira. Mnansi wanga anati zimenezi si zawamba, alipo amene anandibera mawu, ndipo anandiuza za munthu wina ku Kanyama amene amaona zoterezi. Sindinapiteko, koma sindikunamizani, ndinafunsa kuti minibasi zake zimakwerera pati. Mdima ukafika pamtima, munthu wobatizidwa amayamba kufunsa njira zimene ankaletsa anzake.

Mapemphero anga a masiku amenewo sanali okoma kuwamva. Ndinkatseka chitseko ana atapita kusukulu n'kumukalipira Mulungu ngati mwana wokwiyira kholo. Ndinkati, Ambuye, ndakuimbirani nyimbo kuyambira ndili mtsikana, lero mukulola kuti pakamwa panga patchedwe pabodza? Kenaka ndikatopa ndinkangopempha chinthu chimodzi chaching'ono chimene ena akhoza kuchiseka. Ndinkati, ilizeni foni ija. Ilire m'mawa, ilire pamaso pawo, ndipo mwini mawu aja aonekere. Ndinkadzuka pamaondo osamva kanthu, m'nyumba muli zii ngati patebulo panga paja.

Amene anandisonyeza njira anali amayi abusa, ndipo njira yake sinandikondweretse. Anati kwathu munthu ukalakwirana ndi banja supita wekha kwa amene wakwiya, umadzera kwa wamkulu wa banjalo kuti akakulankhulire. Wamkulu wa banja la a Tembo anali mlongo wawo wa malemu, gogo Tisauke a ku Chawama. Ndinakana. Ndinati ndikagwada ndiye kuti ndavomera mlandu, ndipo maondo angawa sagwadira bodza. Amayi abusa anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenaka anati sakundituma kukavomera, akundituma kukamveka. Ndinakhala nawo mawuwo masiku angapo ndikulimbana nawo. Banja linali pafupi kukhala pansi, ndipo ndinkadziwa kuti pamsonkhanopo sipadzakhala wondiimira.

Ndinanyamuka m'mawa wa tsiku la ntchito, nditanyamula shuga ndi buledi, pakuti kwa wamkulu supita chimanjamanja. Magetsi anali atazima mzinda wonse, m'mphepete mwa msewu majenereta akungolira. Mu minibasi ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma alionse ankamveka ngati a munthu wolakwa. Ndinawapeza gogo atakhala pamkeka pakhonde, akusankha nyemba ndi zala osati ndi maso, pakuti maso awo anachita ng'ala. Ndinagwada, n'kupereka moni, n'kudzitchula dzina. Anandikumbuka kuti ndine amene ndinkayambitsa nyimbo pamaliro a mlongo wawo.

Ndinali nditangoyamba kufotokoza pamene china chake chinalira m'chitenje chawo. Anausa moyo, n'kumasula mfundo ya m'chiuno, n'kutulutsa foni yakuda yong'ambika pakona. Ndinaidziwa nthawi yomweyo. Inali foni ya a Tembo, ija inkakhala kukhutu kwawo tsiku lonse. Gogo anapapasa batani n'kuyankha. Ndinamva kamawu ka mayi kakufunsa ngati ndi kwa a Tembo.

"Bamene mufuna banamwalira, mwana wanga," anatero gogo motopa. "Osatumako futi."

Mawu amene ndinazunzika nawo, amene anandichotsa pampando ndi kundichititsa manyazi pamaso pa mwana wanga, ndinawamva akutuluka pakamwa pa gogo wosaona amene ndinabwera kudzamugwadira. Ndinapempha kuti ndione foniyo. Pagalasi panalembedwa dzina limene malemu anasungira nambala ya kuntchito kwathu, ndipo nditatsika m'munsi ndinangoona dzina lomwelo lokhalokha, lero, dzulo, dzana. Sindinamvetse kuti zikuchitika bwanji, koma ndinaona kuti anthu athu onse akuthera pamkeka uwu.

Ndikanakhala Eneless wa masiku onse ndikanakuwa. Koma gogo anayamba kulankhula ndisanatsegule pakamwa. Anati pogawa katundu wa malemu achibale anawapatsa foniyo chifukwa abale a kumudzi ankaidziwa nambala yake. Chiyambire tsiku limenelo sinawapatse mpumulo.

"Lyonse ikalila, muntu afuna mulongo wanga," anatero, misozi ikutsika m'maso oyera aja. "Ine nimupayenso na kamwa yanga. Kuseni nimupaya, muzuba nimupaya. Nalema. Kuitaya siningakwanise, ni yake. Nimapempela chabe kuti Mulungu aichite inkale zii."

Abale, mkwiyo umene ndinanyamula kuchokera ku George sindikudziwa kumene unapita. Ndinagwira dzanja lawo n'kuwauza zonse, kuti anthuwo sankafuna malemu koma anapiye, ndipo kuti ine ndachotsedwa pampando chifukwa cha yankho lawolo. Gogo anagwira pakamwa. Kenaka anaitanitsa ndodo yawo ndi nsapato, n'kunena kuti nkhani iyi siigonera.

Tinakwera minibasi ziwiri, ine nditawagwira mkono. Titafika ku Matero jenereta inali ikulira, msuweni uja ali pampando wanga akusewera ndi zikhadabo, foni ili zii monga mwa masiku onse. A Masauso anatuluka atadabwa kuona azakhali awo. Sindinadzitchinjirize ndi mawu ambiri. Ndinangowapempha kuti aimbe nambala ya kuntchito ndi foni yawo, monga anachitira tsiku lija. Anaimba. Ya patebulo sinalire. Imene inalira inali ya m'chitenje cha gogo, ndi kanyimbo komwe kaja kamene tonse tinkakamva pabwalo bambo awo ali moyo. A Masauso anatsamira khoma. Foniyo inalira mpaka inasiya yokha.

Tsiku lomwelo anaitana a Sakala a ku Kalingalinga, amisiri amene anaika kabokosi kaja zaka zapitazo. Anafika ndi laputopu ndi chikwama cha zingwe, n'kulowa m'chipinda cha matsache, ife tonse titadzaza pakhomo. Ndinaganiza kuti zitha msanga, koma ayi. Analumikiza chingwe pakabowo kamene anati ndi kolowera okonza, ndipo laputopu ndi bokosi zinakana kumvana. Anati zinthu ziwirizi zimalankhulana pokhapokha zitagwirizana liwiro ndi adiresi, ndipo zimene anazisiya kale iwo eni sankazikumbukanso. Anasintha, n'kuyesa, n'kusinthanso, thukuta likutsika. Ine ndinaima pakona ndikupemphera chamumtima, pakuti ndinkaopa kuti bokosi likakana kutseguka padzatsalabe wina wonena kuti Eneless anachita kanthu. Kenaka anawomba m'manja kamodzi, pagalasi n'kutuluka mizere ya zolemba.

Choyamba chimene anatisonyeza chinali nthawi. Kunja dzuwa linali litapendeka, koma bokosi linkati kudakali mbandakucha. Anati m'kati muli kabatire kakang'ono ngati khobidi kamene kamasunga nthawi magetsi akazima, ndipo kanali katatha kalekale. Choncho jenereta ikalira m'mawa, bokosi linkadzuka likuganiza kuti ndi pakati pa usiku. Nthawi yolakwikayo inkaoneka ngakhale pakagalasi ka foni yanga, koma tonse tinali titazolowera kuti wotchi imeneyo ndi yabodza, ndipo nthawi tinkaonera pa mafoni a m'manja.

Chachiwiri chinali chimene a Tembo anapempha okha pamene bokosi linkaikidwa. Sankafuna kuti kasitomala aimbe usiku n'kusowa womuyankha, ndiye anauza a Sakala kuti tikaweruka mafoni onse azipita ku foni yawo ya m'manja. Bokosi linkangomvera lamulo limenelo. Likaganiza kuti ndi usiku, linkadumpha tebulo langa n'kutumiza woimba kwa bwana. Ali moyo ankayankha okha pabwalo n'kubwera kudzandiuza kuti ndilembe oda, ndipo palibe amene anazindikira kuti pali cholakwika. Atamwalira, bokosi palibe analiuza za maliro.

A Sakala anasintha kabatire, n'kukonza tsiku ndi nthawi. Anachotsa zoti bokosi lizisankha lokha usana ndi usiku, n'kuika batani pa foni yanga loti ndizidina ndikafika ndi pamene ndikuweruka, ndi kanyale kofiira kosonyeza kuti tili pa usiku. Anapeza kuti nambala yachinsinsi yolowera okonza inali ikadali ija ya kufakitale, imene aliyense wodziwa mabokosiwa amaidziwa, ndiye anauza a Masauso kuti asankhe yatsopano. Anatsegulanso njira yoti iwo azitha kuliona bokosi ali kwawo zikavuta, koma anafunsa kaye chilolezo, ati khomo limeneli silitsegulidwa mwini nyumba asanavomere. Zonse atakonza anazisunga mu laputopu kuti bokosi likadzaiwalanso asadzayambire pachiyambi.

Panatsala chinthu chimodzi. Pagalasi panali nambala ya malemu, pamzere wa mafoni a usiku. A Sakala anafunsa kuti aikepo ya ndani. A Masauso anayang'ana nambala ya bambo awo nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti kufufuta kukuwakanika. Amene anathetsa nkhani ndi gogo, atakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku pakhomo.

"Masauso, fumyapo," anatero. "Baleke batate bako bapumule. Na ine nipumule."

A Masauso anafufuta okha ndi chala chawo, n'kulembapo nambala yawo. Kenaka anatembenukira kwa ine, pamaso pa antchito onse amene anaona manyazi anga, n'kugwada pansi pa simenti ya fumbi ija. Bwana kugwadira wantchito sindinazionepo. Anati, "Amai, nikululukileni." Sanati ba Eneless, anati amai. Ndinawadzutsa msanga chifukwa sindikanatha kupirira, ndipo pakamwa panga panabwerera mwakale, ndinawauza kuti adzuke asadetse buluku, pakuti maliro a anapiye atha. Anthu anaseka, ine ndikupukuta misozi.

Sindikunena kuti zonse zinabwerera tsiku limodzi. Makasitomala ena anapita ndipo sanabwerenso. Ku George alipo amene mpaka lero amakonda nkhani yoyamba ija kuposa yachiwiri, pakuti yoyamba ndi yokoma kuifotokoza pampopi. Koma a Masauso anabwera okha kunyumba kwanga Loweruka, n'kukhala pakhonde pamene aliyense wodutsa ankawaona, n'kufotokozera ana anga zonse. Mwana wanga uja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi miyendo yanga monga ankachitira ali wamng'ono.

Inu amene muli ndi mabizinesi, wina akamwalira kapena akachoka, musamangogawa zovala ndi makiyi. Itanani wokonza aone kumene mafoni anu amapita mukaweruka, ndipo wotchi ikamanama musaizolowere. Koma inu amene mwanamiziridwa, amene mukuyenda mutu uli pansi chifukwa cha chinthu chimene simunachite, ndi inu makamaka ndalembera. Ndikanapita ku Kanyama kuja, ndikanauzidwa dzina la mdani amene kulibe, ndipo lero ndikanakhala ndikudana ndi munthu wosalakwa. Ndikanakana kugwada ku Chawama, banja likanakhala pansi n'kundichotsa, gogo akanapitiriza kulira pamkeka wawo, bizinesi n'kufa onse akuloza ine. Yankho langa Mulungu analiika panjira imene ndinkaikana kwambiri. Musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala lokalipa ngati langa, ndipo wamkulu akakuuzani kuti pitani uko, musafulumire kunena kuti maondo anu sagwada.

Chimene chimandidabwitsabe ndi ichi. Masiku onse amene ine ndinkagwada ku George kupempha kuti foni ilire, gogo Tisauke ankagwada ku Chawama kupempha kuti foni ikhale chete. Sitinkadziwana mavuto, ndipo mapemphero athu ankaoneka otsutsana. Ambuye anawamva onse awiri n'kuwayankha ndi yankho limodzi. Ulemerero ukhale kwa Iye, ndipo zikomo kwa amayi abusa, kwa a Sakala, ndi kwa inu amene munandipatsabe moni pamene ena ankayang'ana kumbali.

M'mawa woyamba nditabwerera pampando wanga magetsi anali atazimanso. Mlonda analiza jenereta, ine n'kudina batani langa, kanyale kofiira n'kuzima. Ndinakhala ndikuyang'ana foni ija. Sipanapite nthawi, inalira. Ndinanyamula n'kupereka moni monga ndimachitira, ndipo kumbali inayo ndinamva mawu otopa aja amene ndinkawadziwa tsopano.

"Ni kwa ba Tembo?" anafunsa gogo Tisauke.

"Ee, ambuya, ni kwa ba Tembo," ndinayankha. "Tilipo."

"Chabwino, mwana wanga. Nenze kufuna chabe kumvela muntu ayankha so."